Tsiku Limene Ndinagwaditsa Mwana Wanga

Abale ndi alongo, manjawo asungeni, musandiombere. Zimene ndabwera nazo pano si zoombera m'manja. Ndathokoza amayi amene atulutsa ana kupita nawo panja, chifukwa nkhaniyi ndi ya ana koma ndikufuna igwe m'makutu a ife akuluakulu.

Ena mwa inu mwabwera ku Nairobi posachedwa, mumangondidziwa kuti ndine a Banda oyendetsa minibasi ya sukulu kuno ku Utawala. Ena ndinu akale. Munandiona ndili thasa m'mbali mwa njanji ku Kibera, nkuwolokera tsidya lina kuti ndisakupatseni moni wa Chichewa pagulu. Sindikukuimbani mlandu, inenso ndikanawoloka. Dzina langa ndine Lameki Banda, kwathu ndi ku Dedza, ndipo mwana wanga Tiyamike wandilola kunena zimene ndinene lero. Akanakana, bwenzi ndili phee pampando ngati inu.

Ndinabwera kuno m'zaka za m'ma 1990, nditapeza ntchito yoyendetsa lole ya bungwe lina la mpingo. Ndinkanyamula chimanga ndi mankhwala kupita kumpoto, kumalire ndi Sudan, ndipo ulendo umodzi unkadya masabata. Tinkakhala ku Umoja, ine, akazi anga a Nambewe, ndi kamwana kathu kamodzi komweko, Tiyamike. Mwana ameneyu anali wolongolola. Ndikatsika matatu, minibasi za kuno zija, ankandichingamira pageti, nkuyamba kundiuza nkhani za kusukulu m'Chiswahili chothamanga chimene ine ndinkangogwirapo mchira. Mowa sindinkaudziwa. Ndinali munthu wa tayi Lamulungu, wonyadira kuti mwana wanga ndi waulemu kuposa ana a eni dziko.

Mukudziwa mmene timachitira Amalawi tikasonkhana chonchi. Ikafika nthawi ya alendo timati aimirire, kenako mafunso athu aja. Lamulungu lina tinasonkhana kunyumba kwa a Kachingwe, amene anali wapampando wathu komanso mkulu wa mpingo, ndipo panaimirira mnyamata wamkulu ndithu, wovala bwino, Baibulo kukhwapa. Anati wabwera kudzafuna malo kusukulu ya ubusa. Dzina lake Biniwelo. Ndikulitchula dala, ndipo ndilitchulabe.

"Kwanu nkuti, achimwene?" ndinafunsa ine.

"Ku Dedza, bambo."

"Dedza yake iti?"

"Cha ku Linthipe."

"Nanga mfunda?"

"Ndine Mbewe."

Akazi anga anaimba nthungululu. "Mlongo wanga! Ndinali ndekha kuno, lero Mulungu wandipatsa mlongo!"

Basi, nkhani inathera pomwepo. Kwa ine anakhala alamu, kwa Tiyamike anakhala amalume. Inu mukudziwa kuti kwathu amalume si munthu wamba, ndi mwini ana. Tsiku lomwelo chikwama chake chinalowa m'nyumba mwanga, iye nkumagona pabalaza. Tinamufunsa kwawo, mudzi wake, mfunda wake, mpingo wake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsa chimene chinamuchotsa kwawoko. Ine ndinkanyamuka ulendo mtima uli m'malo, ndikunena kwa anzanga kuti masiku ano kunyumba ndasiyako mwamuna.

Ana ankamukonda. Ankawaphunzitsa nyimbo za kwathu, ndipo panali ina yopeka yekha, ya kambalame kosowa chisa, imene Tiyamike ankaiimba mpaka kutitopetsa. Akazi anga ankagwira ntchito yophika pakoleji ina, ankabwera madzulo, choncho womulandira mwana kuchokera kusukulu anali amalume akewo.

Patapita miyezi mwana anasintha. Kulongolola kuja kunatha. Anayamba kukodza pogona, mwana wa zaka zisanu ndi zitatu. Ndikabwera ku ulendo ndinkamupeza atabisala kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Ine mutu wanga unati ndi mwano wa ana a m'tauni, watengera anzake.

Ndiye linafika tsiku limene ndabwera kudzanena. Inali nthawi yathu yolandira msonkhano, nyumba itadzaza Amalawi, ena a inu munalipo. Chakudya chitapsa ndinaitana Tiyamike kuti asambitse alendo m'manja monga timachitira, beseni ndi jagi, kugwada pamaso pa aliyense. Anazungulira bwinobwino. Anagwadira a Kachingwe, anagwadira abusa, anagwadira ine. Atafika pa Biniwelo anangoima, nkumulumpha.

"Tiya, amalume ako."

Anapitirira kwa munthu wotsatira.

"Ndati amalume ako!"

Anapukusa mutu. Anthu anaseka pang'ono, wina nkuti ana a ku Nairobi ndi choncho. Ine manyazi anandigwira, kenako ukali. Ndinadzuka, ndinamugwira pakhosi kumbuyoku ndi dzanja ili, nkumukanikizira pansi mpaka mawondo ake anagunda simenti. Madzi anatayika. Ndinati, "Pepesa kwa amalume ako." Anapepesa. Anamuthirira madzi m'manja, ndipo Biniwelo anamusisita pamutu nkunena kuti, "Musamukalipire alamu, ndi mwana." Anthu anayamikira kuti a Banda amadziwa kulera. Ine ndinakhala pansi nkudya mpaka kukhuta.

Amene anazindikira kuti Tiyamike ali pavuto ndi mphunzitsi wake wa kusukulu, mayi wa kuno, osati ife makolo. Anaitana akazi anga nkuwauza kuti apite naye kuchipatala. Zimene adokotala anapeza sindizinena, ndinu akuluakulu. Pamene a Nambewe ankafika kunyumba ndi mwana, chikwama chija chinali chitachoka pabalaza. Ine uthenga unandipeza ndili kumpoto, ndipo njira yonse yobwerera sindikuikumbuka.

Ndinathamangira kwa a Kachingwe, poti ndiwo anali bambo wathu kuno. Anandikhazika pansi, nkutseka chitseko.

"A Banda, ugwireni mtima. Mukapita kupolisi, mawa zili m'nyuzipepala, Amalawi tonse tinunkha. Ena mwa ife mapepala athu sanalongosoke, mukudziwa. Komanso mwanayu ndi wamkazi, dzina lake likamveka adzakwatiwa ndi ndani? Tiyeni tizipereke kwa Mulungu." Anapuma, nkuonjezera motsitsa mawu, "Ine ndinkayesa anasiya."

"Anasiya chiyani, a Kachingwe?"

Kenako zinatuluka. Biniwelo anali atakhalapo kundende ku Malawi pa mlandu womwewu, mwana wa sukulu kwawo komweko. Khoti linamupeza wolakwa, anagwira ukaidi, anatuluka. Abusa ena a kumudzi anali atawatsina khutu a Kachingwe pa foni asanafike nkomwe. Iwo anaona kuti munthu wotembenuka mtima sayenera kumuyalutsa. Anakhala m'nyumba mwanga tsiku lija, ndikukanikiza mwana wanga pansi, akudziwa zonsezi.

Mukuganiza kuti ndinawamenya? Ayi. Ndinachita choipa kuposa pamenepo, ndinawamvera. Ndinapita kunyumba nkuuza akazi anga kuti nkhani yatha, tisaitchulenso. A Nambewe anandiyang'ana ngati akuona mlendo. Tiyamike kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso kuti ababa. Akafuna kunena kanthu ankauza amayi ake kuti, "Auzeni."

M'nyumba mwanga munasanduka mozizira, ndiye ndinayamba kuchedwa kubwera. Botolo loyamba ndinamwera pa kabala ka ku Umoja, ndikudziuza kuti ndi loti ndipeze tulo. Posakhalitsa la m'mawa linayamba kufunikanso. Ndinayamba kuyenda nalo pansi pa mpando wa lole. Tsiku lina ndinagwetsera lole ya bungwe m'dzenje, mankhwala a anthu odwala ali mbwee mumsewu, ndipo ntchito inatha sabata yomweyo. Ntchito itatha, chilolezo chokhalira m'dziko chinathanso. Ndinagulitsa wailesi, kenako mipando, kenako makina osokera a akazi anga iwo ali kuntchito. Pamenepo anatenga mwana nkusamukira kuno ku Utawala, nthawi imeneyo kuli tchire ndi fumbi, ndipo anandiuza kuti ndisawatsatire. Mowa wa m'mabotolo unandikulira mtengo, ndinatsikira ku chang'aa, kachasu wa kuno uja amene ena amachita naye khungu. Ndinathera ku Kibera, ndikukoka mkokoteni, ngolo yamanja ija, wa zigubu za madzi, kugona kuseri kwa kanyumba ka mayi wina wogulitsa mowawo. Ine, Lameki wa tayi, ndinafika podzikodzera masana anthu akuona. Zaka zinadutsa choncho, ndipo sindinaziwerenge.

Tsopano ndipite pang'onopang'ono, chifukwa apa ndi pamene ndikufuna mumve.

Unali m'mawa, dzuwa litakwera kale, ndili chigonere pafupi ndi njanji, mutu ukugunda. Ndinamva ana akuimba. Ku Kibera ana amaimba paliponse, sizinandikhudze. Koma mawu ake anali a Chichewa. Akuwapotoza monga amachitira ana a eni dziko, koma Chichewa ndithu, nyimbo ya kambalame kosowa chisa. Ndinayesa kuti mowa wandifikitsa pomva zinthu zomwe kulibe. Ndinadzuka, ndinatsata mawuwo m'tinjira tija, kudumpha ngalande, mpaka ndinafika pa mpanda wa malata opaka utoto wobiriwira. Panali malo osungirako ana masana, aja amawadyetsa phala makolo awo ali kuganyu.

Ndinasuzumira pa mpata wa malata. Anali iyeyo. Atanenepa, atavala tayi, ana atamuzungulira akumutchula kuti Mwalimu Ben, kutanthauza aphunzitsi. Kamtsikana kena kanali katamugwira dzanja, ka msinkhu womwe Tiyamike anali nawo nthawi ija.

Abale anga, amene mwakhalako ku Kibera mukudziwa kuti pali liwu limodzi lokha limene ndinkafunika kukuwa. Mwizi, wakuba. Ukakuwa limenelo palibe amene amafunsa kuti waba chiyani. Miyala imabwera, kenako tayala, kenako petulo. Ndinali nditaonapo munthu akuotchedwa chotero chifukwa cha foni. Liwulo linafika pakamwa panga, ndipo ndikukuuzani zoona, ndinalifuna. Chimene chinandigwira si Baibulo, ndisakunamizeni. Ndi kamtsikana kaja. Ndinaganiza kuti kaona aphunzitsi ake akupsa, ndipo sikadzadziwa chifukwa chake, kadzangokumbuka chidakwa chimene chinaphetsa munthu wabwino.

Ndiye ndinalowa pageti. Woyang'anira malowo anali mayi wamkulu thupi, ankamutchula Mama Akinyi. Ndinayamba kulankhula, Chiswahili, Chingerezi, Chichewa, zonse pamodzi, malovu akutuluka. Anabwerera m'mbuyo pang'ono chifukwa cha fungo.

"Mzee, umelewa. Mwaledzera. Pitani mukagone."

"Mama, munthu uyo ndi woopsa kwa ana. Anamangidwapo kwathu. Anaononga mwana wanga."

Sanali munthu wopusa, ndipo sanandiseke. Anandikokera pambali, kutali ndi ana, nkunena kuti, "Tamverani. Munthu ameneyu sindinamutole pamsewu. Ndinamutuma kupolisi, anabwera ndi chikalata chonena kuti alibe mlandu uliwonse m'dziko muno. Ndinafunsa kumpingo kwake, anati ndi mphatso ya Mulungu. Akuluakulu a kwanu komweko anamuchitira umboni. Inu mukuti anamangidwapo. Ndikafunse kuti? Ndiuzeni khomo limene ndingagogode, ndipita lero lomwe. Koma sindingachotse munthu ntchito chifukwa cha mawu a munthu amene akulephera kuima. Ngati mukunena zoona, bwerani muli bwinobwino, mutanyamula chinthu choti ndigwire."

Ndinatuluka nkukakhala pa njanji. Ndinali nditanyozedwapo kambirimbiri, koma apa panali pena. Kwa nthawi yoyamba ndinali ndi choonadi chimene chikanapulumutsa mwana, ndipo chinali chopanda ntchito chifukwa chinkatuluka m'kamwa monunkha chang'aa. Ndinaona kuti mowa wanga unkamulondera Biniwelo kuposa mlonda aliyense. Zaka zonsezo ndinkati ndikumwa chifukwa cha chisoni cha mwana wanga, koma ndinkamwa kuti ndisaone nkhope yanga. Ndinalira pamenepo ngati pamaliro, anthu akungodutsa ndi zigubu zawo.

Njira yobwerera inalibe chozizwitsa, ndipo amene muli m'matope omwewo mumve bwino. Sindinapemphereredwe nkudzuka wochira. Ndinapita kwa sisitere wina wa pakachipatala ka mpingo nkumuuza kuti ndikufuna kusiya. Anandigoneka pabenchi, thupi likunjenjemera, ndikusanza, ndikuona mphemvu pakhoma pomwe panalibe mphemvu. Anandiuza kuti kusiya mwadzidzidzi wekha kumapha, ndiye ngati mwafika pamene ndinafika ine, pitani kuchipatala, musadzitsekere m'nyumba. Nditatha kuima ananditumiza ku kagulu ka zidakwa zinzanga kamene kankakumana m'holo ya tchalitchi. Kumeneko ndi kumene ndinanena koyamba, pamaso pa anthu, zimene ndinachita ndi dzanja ili. Ndinasiya kudutsa njira ya kwa mayi wa mowa uja, ngakhale inali yachidule. Ndinagwapo kamodzi, ndisabise, ndipo m'mawa mwake ndinabwerera kukagulu kaja nkukanena.

Koma mtima unkandiwawa tsiku lililonse, poti pamene ine ndinkachira, Biniwelo anali ndi ana aja. Nditangotha kuyenda osadzandira ndinakwera matatu kubwera kuno. A Nambewe sanandilowetse, tinalankhulira pageti.

"Ndamupeza," ndinatero. "Akuphunzitsa ana ku Kibera."

Anagwira chipata ndi manja onse awiri. "Ndiye mwabwera kudzandiuza kuti tizipereke kwa Mulungu?"

"Ayi, mayi. Ndabwera kudzapempha kuti mundithandize kuchita zimene ndinakukanizani."

Ndi iwo amene anaganiza za mlongo wawo weniweni, amalume ake enieni a Tiyamike, mlimi wa mbatata kumudzi. Anamuimbira foni. Bamboyo anasiya munda, anakwera njinga kupita kukhoti kuboma, anafunsa, anabwezedwa, anapitanso, mpaka anapatsidwa chigamulo cha mlandu uja. Chinali chilipo nthawi yonseyi, pa shelefu, chikudyedwa ndi fumbi. Sichinali chinsinsi. Aliyense akanatha kuchiona, bola akanadziwa kuti chilipo ndi komwe chili. Anatitumizira ndi munthu wa pabasi.

Kenako ndinapita kwa a Kachingwe, nditameta, nditabwereka malaya. Ndinawauza kuti anyamuke tipite limodzi ku Kibera akanene zimene ankadziwa, apo ayi ndidzaimirira pa nthawi ya alendo nkuzinena ndekha iwo ali pomwepo. Anavala jekete lawo.

Mama Akinyi anawerenga chigamulo chija, anamva a Kachingwe, ndipo sanachedwe. Anatuma munthu kupolisi Biniwelo asanadziwe kanthu, nkuuza anyamata a pageti kuti aliyense wogwira mwala athana naye iye mwini. Apolisi anamutenga Biniwelo ali moyo, unyolo m'manja. Atadutsa pafupi nane anati, "Alamu."

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo, koma ayi. Anamwino atacheza ndi ana a pamalopo, zinapezeka kuti tinachedwa. Kamtsikana kaja kamene kanamugwira dzanja, Biniwelo anali atakachita kale zomwezo. Mlandu umene anamangidwa nawo kuno ndi wa mwana ameneyo. Mayi ake ndinawaona kukhoti, wogulitsa masamba, atakhala yekha pabenchi. Sindinathe kupita kukawapatsa moni. Ndikanapita kupolisi tsiku lija m'malo mopita kwa a Kachingwe, mwana wawo bwenzi ali bwinobwino. Chimenechi sichichoka, ngakhale ndisiye mowa zaka zingati, ndipo sindikufuna wina andiuze kuti chichoke.

Mwamva kuti kuno ku Kenya kwabwera lamulo lakuti mayina a anthu opezeka olakwa pa milandu yotere azilembedwa m'kaundula kukhoti. Ena mwa inu mwandifunsa maganizo anga, ena mwati si chikhristu kusunga dzina la munthu amene anagwira kale chilango. Ine si loya, ndine dalaivala. Koma ndinaima pamaso pa mayi amene anandifunsa kuti, ndikafunse kuti, ndipo ndinalibe yankho. Khomo limenelo liyenera kukhalapo, kuno ndi kwathu komwe, ndipo makomo awiriwo azidziwana, chifukwa Biniwelo anangokwera basi nkusanduka munthu wopanda mlandu. Sindikunena kuti mayina azimatidwa pamitengo. Ndinauona moto wa tayala, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lina udzapsereza munthu wongofanana dzina. Koma mayi wosunga ana, mphunzitsi wamkulu, abusa, kholo limene likufuna kulowetsa mlendo m'nyumba, amenewa akhale ndi pofunsa ndipo ayankhidwe. Za kukhululuka, Mulungu amukhululukire Biniwelo ngati walapa, ine sindikuletsa. Apeze ntchito, aumbe njerwa, ayendetse lole ngati ine. Koma asapatsidwenso ana.

Ndipo musaiwale ichi. Kaundula sadzilemba yekha. Mumalowa dzina lokhalo limene wina analimba mtima nkukalinena kupolisi. Ife tikapitiriza kutsekerana zitseko nkumati Amalawi tinunkha, bukulo lidzakhala loyera, anthu ngati Biniwelo akusuntha kuchoka ku Umoja kupita ku Kibera, ife tikuwanyamulira chikwama. Ndi chifukwa chake ndinapempha, ndipo munavomera, kuti pagulu lathu lino mlendo tizimufunsabe kwawo ndi mfunda wake, koma tiziimbiranso foni komwe wachokera, kwa anthu oposa mmodzi. Amene wamva kanthu anene kwa makolo, asasunge yekha. Mlendo asatsale yekha ndi ana, kaya ndi Mbewe, kaya ndi Banda mnzanga. Ndipo mwana akakana kupereka moni kwa munthu, musamugwire pakhosi. Mutengereni kuseri mumufunse.

Mapepala anga analongosoka, ntchito ndinapeza, ndipo a Nambewe patapita nthawi anayamba kundilola kufika Lamulungu masana kudzadya. Kudya kokha, madzulo ndizipita. Tiyamike anali atakula, ali kusekondale, wamtali ngati amayi ake. Ndikalowa ankatuluka. Akakhala patebulo ankayang'ana m'mbale. Ndinamugulira nsapato, sanazivale. Ndinamuuza kuti munthu uja ali kundende, anangoti, "Ndamva." Ndinkayesa kuti kumangitsa Biniwelo kundibwezera mwana wanga, koma mlandu wa Biniwelo unali wina, wanga unali wina.

Lamulungu lina chakudya chili patebulo, a Nambewe anadzuka kuti akatenge madzi osamba m'manja. Ndinati akhale. Ndinapita kukhitchini ndekha, ndinatenga beseni ndi jagi. Ndinathirira akazi anga. Kenako ndinafika pamene panakhala Tiyamike, ndinagwada, mawondo onse awiri pasimenti, bambo wa imvi pamaso pa mwana wake. Akazi anga anati, "Abambo, mukutani?" Ndinangotukula jagi nkudikira.

Anandisiya pomwepo nthawi yaitali. Kenako anatambasula manja ake, ndinamuthirira. Anasamba pang'onopang'ono, osandiyang'ana, ndipo analankhula kwa ine mwini, osadzera mwa amayi ake.

"Tsiku lija simunandifunse chifukwa chake."

"Sindinakufunse, mwana wanga. Ndinalakwa. Ndikufunsa tsopano."

"Mwachedwa."

Ndinati inde, ndachedwa. Ndinakhalabe chogwada, poti ndinalibe kwina kopita. Anapukuta manja pa siketi yake, anakoka mpando umene unali pambali pake, nkuusunthira kwa ine.

"Dzukani, ababa. Khalani apa. Ndikuuzani, koma musandidule."

Chakudya chinazizira patebulo. Analankhula mpaka dzuwa kupendeka, ndipo zina zimene ananena zinali za ine, zowawa kuposa za Biniwelo. Sindinamudule.

Zanga ndi zimenezo, abale. Sindikudziwa ngati anandikhululukira zonse, ndipo sindimufunsa. Ndikudziwa kuti amanditchula ababa. Tsopano aitaneni ana aja alowe, ndipo akamalowa muwayang'ane bwino, muone amene akulambalala mpando wa munthu.